Mafunso ndi Mayankho: Kufunafuna Nyama Zongomveka Mbiri

Mafunso otsatirawa ndi amene amafunsidwa kawirikawiri ndi anthu okonda kuyenda m'tchire, kujambula nyama ndiponso kutsata nkhani za zilombo zimene ena amati anaziona koma sizinatsimikizidwe. Oyambirira akufotokoza nkhaniyi mwachidule, ndipo akumapeto akukhudza umboni, zida ndi chitetezo.

Kodi nyama zongomveka mbiri ndi nyama zotani?

Ndi nyama zimene anthu amanena kuti anaziona, anazimva kulira kapena anapeza mapazi ake, koma palibe thupi, fupa kapena chikopa chake chimene akatswiri a zamoyo anachipima n'kuvomereza kuti ndi cha mtundu watsopano. Pa Chingelezi nyama zoterezi amazitchula kuti cryptid, ndipo ntchito yozifunafuna amaitchula kuti cryptozoology. Zotchuka kwambiri ndi Bigfoot wa ku North America ndi Yeti wa kumapiri a Himalaya, amene akuti ndi zilombo zaubweya zonga nyani wamkulu zoyenda ndi miyendo iwiri, chilombo cha m'nyanja ya Loch Ness ku Scotland, Mokele-mbembe wa ku Congo ndi Chupacabra, amene mbiri yake inayambira ku Puerto Rico mu 1995.

Ndi bwino kusiyanitsa magulu atatu, chifukwa mwayi woti nkhaniyo ikhale yoona si wofanana. Pali nyama zimene sizinadziwikepo n'komwe, monga Bigfoot. Pali zimene zinalikodi koma zimaonedwa kuti zinatha, monga thylacine, nyama yonga galu ya mizere kumsana ya pachilumba cha Tasmania ku Australia. Ndipo pali nyama zodziwika bwino zimene zikuoneka kumalo kumene siziyenera kupezeka, monga akambuku amene anthu amati amawaona m'minda ya ku Britain. Mizimu ndi zolengedwa za m'zipembedzo siziwerengedwa pano, popeza eni ake nkhanizo sanena kuti ndi nyama yoti ingagwidwe pa msampha.

Kodi ntchito imeneyi ndi sayansi?

Amene anaitchukitsa anali katswiri weniweni wa zinyama, Bernard Heuvelmans, yemwe mu 1955 anasonkhanitsa nkhani zambiri za nyama zosatsimikizika n'kunena kuti ziyenera kufufuzidwa mosamala. Mu 1982 kunakhazikitsidwa bungwe la International Society of Cryptozoology, lomwe linkasindikiza magazini yakeyake ndipo chizindikiro chake chinali nyama ya okapi, koma linatha mu 1998 lisanatsimikize ngakhale chimodzi mwa zilombo zikuluzikulu zimene linkafuna.

Masiku ano akatswiri ambiri saiwerengera ntchitoyi ngati nthambi ya sayansi. Chifukwa chake si chakuti amakana zoti kuli nyama zosadziwika, pakuti iwo omwe amalemba mitundu yatsopano zikwizikwi chaka chilichonse, yambiri mwa iyo tizilombo, nsomba, achule ndi zomera. Vuto lili pa kafufuzidwe: wofufuza akayamba ndi chikhulupiriro choti chilombocho chilipo, chilichonse chimene wapeza amachikokera kumeneko, ndipo akapanda kupeza kanthu amati chilombocho n'chochenjera. Mfundo imene singagonjetsedwe ndi umboni uliwonse ndiye kuti singatsimikizidwenso ndi umboni uliwonse.

Kodi ilipo nyama imene inayamba ngati mphekesera kenako n'kupezekadi?

Zilipo, ndipo nkhani zake ndi zimene zimalimbitsa mtima anthu ofunafuna. Azungu ankamva za nyama yonga bulu ya m'nkhalango ya Ituri ku Congo kwa zaka zingapo asanaione. Harry Johnston anayamba wapeza tizidutswa ta chikopa chamizeremizere, zomwe zinachititsa akatswiri a ku London kuganiza kuti ndi mtundu wa mbidzi, koma mu 1901 atatumiza chikopa chathunthu ndi zigaza ziwiri, zinaoneka kuti nyamayo, okapi, ndi m'bale wa nyamalikiti. Chaka chotsatira, mu 1902, msilikali wa ku Germany, Robert von Beringe, anawombera magorila awiri kumapiri a Virunga, ndipo mafupa amene anatumiza ndi amene anasonyeza kuti gorila wa m'mapiri ndi wosiyana ndi amene ankadziwika kale.

Nkhani yotchuka koposa ndi ya nsomba ya coelacanth, imene akatswiri ankaidziwa kudzera m'zotsalira zake za m'miyala zokha ndipo ankakhulupirira kuti inatha zaka pafupifupi 66 miliyoni zapitazo. Pa 22 Disembala 1938, Marjorie Courtenay-Latimer, yemwe ankayang'anira nyumba yosungiramo zinthu zakale ku East London m'dziko la South Africa, anaiona pa mulu wa nsomba zimene sitima ya asodzi inabwera nazo. Katswiri wa nsomba J.L.B. Smith anaitsimikiza, kenako anafunafuna ina kwa zaka 14 mpaka anaipeza ku zilumba za Comoros mu 1952, kumene asodzi ankaidziwa kale ndipo anali ndi dzina lake. Mu 1992, ofufuza a boma la Vietnam ndi a bungwe loteteza zachilengedwe la WWF anapeza chigaza cha nyanga zazitali zowongoka m'nyumba ya mlenje ku Vu Quang, ndipo umu ndi mmene saola, nyama yakutchire ya m'gulu la ng'ombe, inadziwikira. Nyama yaikulu ya m'nyanja yotchedwa giant squid, imene amalinyero ankaisimba kwa zaka mazana ambiri, inajambulidwa ili yamoyo pansi pa nyanja kwa nthawi yoyamba mu 2004, pafupi ndi zilumba za Ogasawara ku Japan.

Mukaziyang'anitsitsa nkhani zonsezi mupeza zinthu ziwiri zofanana. Choyamba, nthawi zambiri eni dera ankaidziwa nyamayo ngati nyama wamba imene amaisaka, kuigwira m'maukonde kapena kugwiritsa ntchito chikopa chake, moti imene inali yatsopano si nyamayo koma kulembedwa kwake. Chachiwiri, chimene chinathetsa mkangano chinali chinthu chogwirika ndi manja chimene munthu wina, ngakhale wokayikira, akanatha kuchipima payekha. Coelacanth imatchulidwa kwambiri pa mikangano yotereyi, komabe tiyenera kunena moona kuti palibe amene ankaifunafuna isanagwidwe.

Ngati zimenezi zinapezeka, n'chifukwa chiyani akatswiri amakayikira Bigfoot ndi zinzake?

Nyama sikhala imodzi yokha. Kuti mtundu wa nyama upitirire kwa zaka mazanamazana pamafunika gulu lalikulu loswana, ndipo gulu lotere limadya, limasiya ndowe, limathothoka ubweya, limagundidwa ndi magalimoto, limakodwa m'misampha yotchera zina ndiponso limafa n'kusiya mafupa. Saola ndi chitsanzo chabwino: ndi yosowa kwambiri moti palibe katswiri amene anaionapo ndi maso ake ili m'tchire, komatu pali zigaza zake zambiri, ina inagwidwa yamoyo ndi anthu a m'mudzi ku Laos mu 2010, ndipo kamera yotchera inaijambula mu 2013. Bigfoot, amene akuti amaoneka pafupifupi m'chigawo chilichonse cha United States, alibe ngakhale dzino limodzi lotsimikizika.

Zotsalira za m'miyala nazonso sizikuthandiza. Ena amati Bigfoot ndi mbadwa ya Gigantopithecus, nyani wamkulu amene analikodi, yemwe dzino lake loyamba linapezeka mu 1935 m'sitolo ya mankhwala ku Hong Kong. Koma zotsalira zake zonse zimapezeka ku Asia, iye anatha zaka zoposa 200,000 zapitazo, ndipo ku America sikunapezekepo zotsalira za nyani wamkulu wa mtundu uliwonse. Chinanso chimene chimavuta kuchiyankha n'chakuti makamera achuluka kwambiri m'zaka 30 zapitazi, m'matumba a anthu ndiponso pa mitengo ya m'nkhalango, koma zithunzi za zilombozi zikadali zosaoneka bwino ngati mmene zinalili kale.

Kodi ku Loch Ness kunapezeka chiyani kwenikweni?

Nyanjayi ndi yaitali pafupifupi makilomita 37 ndipo pena ndi yakuya mamita 230, madzi ake ndi akuda chifukwa cha dothi la zomera zowolerana, choncho n'zomveka kuti anthu amaiganizira zambiri. Mbiri ya chilombo inakula mu 1933, msewu wa m'mbali mwa nyanjayo utangokonzedwa kumene. Kumapeto kwa chaka chomwecho nyuzipepala ya Daily Mail inatuma mlenje Marmaduke Wetherell, amene anapeza mapazi aakulu m'mphepete mwa madzi, koma akatswiri a ku Natural History Museum ku London anapeza kuti onse anadindidwa ndi phazi limodzi louma la mvuu. Chithunzi chotchuka chija cha khosi lalitali lotuluka m'madzi chinasindikizidwa mu 1934, ndipo mu 1994 zinaululika kuti chinali chidole cha sitima yoyenda pansi pa madzi chimene anachimatira mutu, ndipo Wetherell yemweyo anali m'gulu la okonza chiwembucho.

Mu 1987 maboti oposa 20 okhala ndi makina ofufuzira pansi pa madzi pogwiritsa ntchito mafunde a phokoso anayenda mondondozana kusesa nyanjayo, koma sanapeze chilombo. Mu 2018 gulu lotsogoleredwa ndi Neil Gemmell wa ku University of Otago linatunga madzi ka 250 m'malo osiyanasiyana n'kupima DNA imene inali m'madziwo. Silinapeze DNA ya chokwawa chilichonse, koma linapeza yambiri ya mikunga. Ndiponso nyanjayi inali pansi pa madzi oundana mpaka zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, choncho chokwawa cha m'nthawi ya ma dinosaur sichikanakhalamo kuyambira kalekale.

Nanga filimu ija ya Bigfoot akuyenda m'mbali mwa mtsinje?

Inajambulidwa ndi Roger Patterson ndi Bob Gimlin pa 20 Okutobala 1967 ku Bluff Creek, kumpoto kwa California, ndipo chigawo choonetsa chilombocho chimatenga pafupifupi mphindi imodzi. Anthu akhala akuipenda kwa zaka zoposa 50 osagwirizana. Mu 2004 Bob Heironimus ananena poyera kuti ndi iye amene anavala chovala cha nyani m'filimuyo, ngakhale kuti ena amatsutsa zonena zake ndipo chovalacho sichinaonetsedwepo. Chimene tinganene mosakayika n'chakuti filimu yotere singathetse mkangano, chifukwa munthu wovala chovala akhoza kutulutsa chithunzi chofanana nacho.

Malo amene anajambulirawo alinso ndi mbiri yake. Dzina loti Bigfoot linatchuka mu 1958 pamene ogwira ntchito yolambula msewu ku Bluff Creek komweko anapeza mapazi aakulu pafupi ndi makina awo. Mwini kampani yolambulayo, Ray Wallace, atamwalira mu 2002, a m'banja lake anaonetsa mapazi osema a matabwa n'kunena kuti ndi amene ankadindira. Mu 2008 amuna awiri a m'chigawo cha Georgia ku United States analengeza kuti asunga mtembo wa Bigfoot m'firiji, koma madzi oundana atasungunuka chinatsala chinali chovala cha labala.

Kodi zoyeza za DNA zanena chiyani za Yeti?

Pafupifupi nthawi zonse zaloza ku chimbalangondo. Mu 2017 gulu la Charlotte Lindqvist wa ku University at Buffalo linapima zinthu zisanu ndi zinayi zimene zinkasungidwa ngati za Yeti, monga fupa, dzino, chikopa, ubweya ndi ndowe. Zisanu ndi zitatu zinali za zimbalangondo za ku Asia ndipo chimodzi chinali cha galu. Izi zisanachitike, mu 1960, wokwera mapiri Edmund Hillary anabwereka chikopa cha kumutu chimene chinkasungidwa ku Khumjung m'dziko la Nepal n'kupita nacho kwa akatswiri, amene anapeza kuti chinapangidwa kuchokera ku chikopa cha serow, nyama yonga mbuzi ya m'mapiri. Kafukufuku wa 2017 uja sanapite pachabe, chifukwa anathandiza kumvetsa mbiri ya chimbalangondo chofiirira cha ku Himalaya, chomwe ndi chosowa ndipo chinali chisanafufuzidwe mokwanira. Za mapazi amene wokwera mapiri Eric Shipton anajambula pa chipale chofewa mu 1951, omwe ena amati ndi a Yeti, onani yankho lokhudza mapazi m'munsimu.

Kodi n'zoona kuti ku Congo kukadali dinosaur?

Palibe umboni wa zimenezo. Roy Mackal wa ku University of Chicago anatsogolera maulendo awiri opita ku madambo a Likouala mu 1980 ndi 1981 kukafuna Mokele-mbembe, ndipo pambuyo pake magulu ena ambiri anapita ku nyanja ya Tele, koma onse anabwerako ndi nkhani zokha. Njira imene ankagwiritsa ntchito inali ndi vuto lalikulu, chifukwa ankaonetsa anthu zithunzi za ma dinosaur n'kuwafunsa kudzera mwa womasulira ngati anaonapo nyama yotero. Mlendo akabwera kuchokera kutali, atanyamula mphatso ndipo nkhope yake ikuonetseratu yankho limene akufuna, zimene angamve sizingawerengedwe ngati umboni wodziimira pawokha. Frank Melland anachitanso chimodzimodzi pamene ankalemba za Kongamato, chilombo chouluka cha kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, mu 1923.

Madera amenewa si osafikika ngati mmene amanenera ena. Mu 2008 bungwe la Wildlife Conservation Society linalengeza kuti kumpoto kwa Congo kuli magorila pafupifupi 125,000, ochuluka kwambiri kuposa mmene ankaganizira, ndipo ena mwa iwo ali m'madambo oyandikana ndi nyanja ya Tele yomweyo. Izi zikusonyeza kuti nyama zikuluzikulu zikhoza kuwerengedwa moperewera, koma onaninso kuti ofufuzawo anadziwa chiwerengerocho powerenga zisa zimene magorila amagonamo. Nyama yaikulu kuposa njovu ikanasiya njira, ndowe ndi mitengo yothyoka zoti sizingabisike.

Ndiye kuti onse amene amati anaona chilombo amanama?

Ayi, ambiri amanena zoona za zimene maso awo anawauza. Munthu akaona chinthu kwa masekondi awiri, chakumadzulo, ali ndi mantha, popanda chinthu china pafupi choyerekezera kukula kwake, ubongo umadzaza wokha zimene zasowa, ndipo umadzaza ndi zimene munthuyo anamvapo kale. Mu 1978 kanyama kotchedwa red panda kanathawa kumalo osungira nyama ku Rotterdam, ndipo nkhaniyo itafalitsidwa anthu pafupifupi 100 anaimba foni kuti akaona kali moyo m'madera osiyanasiyana, chonsecho kanali katafa kale pafupi ndi pamene kanathawira.

Nthawi zambiri pamakhala nyama yeniyeni. Chimbalangondo chakuda chimatha kuimirira ndi miyendo iwiri, ndipo kafukufuku wa Floe Foxon amene anasindikizidwa mu 2024 anapeza kuti malipoti a Bigfoot amachuluka kumene kuli zimbalangondo zambiri. Mitembo ya Chupacabra imene inapimidwa ku Texas inapezeka kuti ndi ya agalu ndi nkhandwe za kumeneko zotchedwa coyote, zimene mphere inazithothola ubweya wonse n'kuzisiya ndi khungu lotuwa lokhakhala. Njovu yosambira itatukula chitamba, akatumbu osambira motsatizana, chipika choyandama, mafunde a boti limene ladutsa kale, zonsezi zapusitsapo anthu anzeru zawo. Usiku makutu amanyengeka koposa maso, pakuti kulira kwa nkhandwe ndi akadzidzi ena kumamveka ngati munthu akukuwa.

Nthawi zina mboni zimakhala zolondola ndithu. Mu 1980 mlimi wa ku Cannich ku Scotland anagwira puma, mphaka wamkulu wa ku America, wamoyo pa msampha pambuyo poti anthu akhala akudandaula za chilombo, ndipo nyamayo inali yozolowera anthu, zomwe zikusonyeza kuti inkawetedwa. Nkhani za nyama zodziwika zimene zathawa kapena kutayidwa ndi eni ake ndi zimene zimatsimikizika kawirikawiri pa magulu atatu aja.

Ndapeza mapazi achilendo. Ndichite chiyani?

Musawaponde kapena kuwakonza. Ikani rula kapena chinthu chodziwika kukula kwake pambali pa phazilo, jambulani kamera ili pamwamba penipeni, kenako jambulaninso kuwala kukuchokera chammbali kuti mizere ioneke. Phazi limodzi silinena zambiri, choncho tsatirani mzere wonse, yezani mtunda wa pakati pa phazi ndi linzake, ndipo onani kumene ukuchokera ndi kumene ukuthera. Lembani tsiku, nthawi, malo enieni ndi mtundu wa dothi. Ngati muli ndi pulasitala wa Paris mungathire m'phazimo kuti mutenge chikombole chake, koma chitani zimenezi mutatha kujambula.

Kumbukirani kuti mapazi amasintha. Pa matope oterera phazi limatalika, ndipo pa chipale chofewa dzuwa limasungunula m'mbali mwake moti phazi laling'ono limakula n'kusintha maonekedwe. Chimbalangondo chimakonda kuponda ndi phazi lakumbuyo pamene lakutsogolo laponda kale, ndipo awiriwo akaphatikizana amaoneka ngati phazi limodzi lalitali la munthu. Kwa amene akuganiza kuti apeza mapazi a kambuku, kusiyana kwake n'kwapafupi: nyama za m'gulu la mphaka nthawi zambiri sizionetsa zikhadabo ndipo kumbuyo kwa chikhatho kumakhala timabwampu titatu, pamene agalu ndi afisi zikhadabo zimaoneka. Kakwiyo ndiye amasiyana ndi anzake, chifukwa zikhadabo zake sizibwerera mkati kwathunthu.

Kodi kamera yotchera imagwira ntchito bwanji, ndipo ndiiike pati?

Kamerayi ili ndi kachipangizo kamene kamamva kutentha kukamasuntha patsogolo pake, ndipo nyama ikadutsa imajambula yokha, usiku imagwiritsa ntchito kuwala kumene maso a munthu saona. Imangirireni pa mtengo wolimba moyang'ana njira ya nyama, pomwera madzi kapena powolokera mtsinje, pa msinkhu wofanana ndi chifuwa cha nyama imene mukufuna. Iyang'ane kumpoto kapena kumwera kuti dzuwa lotuluka kapena lolowa lisaithobwe, ndipo ikhale chopendekera ndi njirayo kuti nyama ikhalitse pachithunzi. Dulani udzu wa patsogolo pake, chifukwa udzu wotenthedwa ndi dzuwa ukamagwedezeka ndi mphepo umadzaza khadi ndi zithunzi zopanda kanthu. Onetsetsani kuti tsiku ndi nthawi zatcheredwa bwino, ndipo dzijambuleni mutaima pa mitunda ingapo yoyezedwa, kuti nyama ikadzajambulidwa mudzathe kuyerekeza kukula kwake. Pemphani chilolezo kwa mwini malo kapena kwa oyang'anira nkhalango musanatchere, ndipo musaiike poyang'ana njira za anthu.

Nanga ubweya, ndowe kapena mtembo wa nyama?

Izi ndi zimene zili ndi phindu lalikulu, chifukwa zingapimidwe. Valani magolovesi, gwiritsani ntchito kopanira koyera, ndipo ubweya muuike mu envelopu ya pepala, osati m'pulasitiki, chifukwa chinyezi chimaononga DNA. Zotsatira zambiri zimene zimalengezedwa kuti ndi za cholengedwa chapakati pa munthu ndi nyama zimangokhala DNA ya wotolayo itasakanikirana ndi ya nyama wamba. Mu 1976 bungwe la FBI linavomera kupima ubweya umene unkanenedwa kuti ndi wa Bigfoot, ndipo zikalata zimene linatulutsa mu 2019 zimasonyeza kuti unali wa gwape.

Mtembo musaukhudze ndi manja ndipo musaunyamule. Nyama yofa popanda chifukwa chooneka ikhoza kukhala ndi matenda a anthrax kapena chiwewe, ndiponso kusunga ziwalo za nyama zotetezedwa ndi mlandu m'maiko ambiri, pamene kuzitumiza kunja kumayendetsedwa ndi pangano la maiko lokhudza malonda a nyama ndi zomera zotetezedwa lotchedwa CITES. Jambulani mano, mapazi ndi thupi lonse muli ndi choyezera pambali, kenako dziwitsani oyang'anira nyama zakutchire a m'deralo.

Kodi DNA ya m'madzi ndi m'dothi ingapeze nyama imene palibe waiona?

Ingapeze. Chamoyo chilichonse chimasiya tizidutswa ta khungu, mamina ndi zotuluka m'thupi pamene chadutsa, ndipo akatswiri amasefa madzi kapena dothi n'kuyerekeza zimene apeza ndi DNA ya mitundu yodziwika. Njira yomwe inasowa chokwawa ku Loch Ness ndi imenenso inathandiza kupeza kanyama kofukula pansi kotchedwa De Winton's golden mole ku Port Nolloth m'dziko la South Africa, komwe kupezeka kwake kunalengezedwa mu 2023 katatha zaka zoposa 80 kasakuoneka. Malire ake ndi akuti DNA ya m'madzi imaonongeka pakapita masiku kapena masabata, ndipo siiuza munthu kukula kwa nyamayo kapena kuchuluka kwake molondola.

Kodi thylacine akhoza kukhala kuti akadalipo?

Funsoli ndi losiyana ndi la Bigfoot, chifukwa nyamayi ili ndi zikopa, mafupa ndi mafilimu ake. Boma la Tasmania linkalipira anthu oipha kuyambira 1888 mpaka 1909, ndipo linalipira pa nyama zoposa 2,000. Yomaliza yodziwika inafera kumalo osungira nyama ku Hobart pa 7 Seputembala 1936, ndipo bungwe la IUCN, limene limalemba mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi yakutha, linalengeza mu 1982 kuti mtunduwu unatha. N'kutheka kuti zochepa zinatsalira m'nkhalango kwa zaka zingapo pambuyo pa 1936, koma lero Tasmania ili ndi makamera otchera ambiri chifukwa cha kafukufuku wa nyama zina, misewu yake imapha nyama zochuluka chaka chilichonse, ndipo thylacine sanaonekepo pa kamera kapena pa msewu. Zithunzi zimene zinatchuka mu 2021 akatswiri anapeza kuti zinali za pademelon, kanyama ka m'gulu la kangaroo.

Komabe nyama zotayika zimapezeka ndithu. Mbalame ya takahe ya ku New Zealand inapezekanso mu 1948 patatha zaka 50. Njiwa yaikulu ya pachilumba cha Fergusson ku Papua New Guinea, imene inalembedwa komaliza mu 1882, inajambulidwa mu 2022 alenje a m'deralo atalozera ofufuza poika kamera. Mu 2023 makamera otchera anajambula echidna wa milomo yaitali, kanyama ka minga koikira mazira ka kumapiri a Cyclops ku Indonesia, yemwe akatswiri ankangomudziwa ndi chikopa chimodzi cha mu 1961. Munthu amene ali ndi luso lotsata mapazi ndi kuleza mtima kodikira kamera ali ndi mwayi waukulu pa nyama zoterezi kuposa pa zilombo zotchuka zija.

Kodi ngozi yaikulu pa maulendo amenewa ndi iti?

Si chilombo ayi, koma kusochera, kuzizidwa, kugwa, ludzu ndi madzi osefukira. Mu Disembala 2024 amuna awiri a ku Oregon amene anapita kukafuna Bigfoot m'nkhalango ya Gifford Pinchot ku Washington anapezeka atafa, ndipo apolisi ananena kuti anafa chifukwa cha nyengo yoipa ndi kusakonzekera. Kutentha kwa thupi kukatsika kupitirira madigiri 35 munthu amayamba kusokonezeka maganizo, ndipo zovala zonyowa pamodzi ndi mphepo zingachititse zimenezi ngakhale kunja kusanazizire kwambiri. Uzani munthu wina kumene mukupita ndi nthawi imene mubwerere, musayende nokha usiku, ndipo tengani mapu, kampasi, tochi, madzi okwanira ndi chovala chosalowa mvula, popeza foni imatha moto ndipo netiweki imasowa.

Pa nyama zenizeni, mtunda ndiwo chitetezo. Kumalo otetezera nyama a Yellowstone ku United States lamulo limati munthu atalikire mamita 91 kwa zimbalangondo ndi mimbulu, ndiponso mamita 23 kwa nyama zina, ndipo kulikonse nyama ikasiya zimene imachita n'kuyamba kukuyang'anani ndiye kuti mwayandikira kwambiri. Njoka zimapha anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 pachaka malinga ndi bungwe la WHO. Wolumidwa asachekedwe, asayamwidwe pabala kapena kumangidwa mothina, koma chiwalocho chisagwedezeke ndipo apite naye kuchipatala msanga. Bala lolumidwa ndi nyama yoyamwitsa litsukidwe ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, kenako munthuyo akalandire katemera wa chiwewe. Mukabwerako kutchire dzifufuzeni nkhupakupa.

Ngati thupi ndilo umboni wofunika, kodi si bwino kungochiwombera chilombocho?

Ayi. Chinthu chooneka ngati munthu chikuyenda ndi miyendo iwiri m'nkhalango nthawi zambiri chimakhala munthu, kaya mlenje, woyenda m'mapiri kapena wochita nthabwala atavala chovala chaubweya, ndipo chikapanda kukhala munthu chimakhala nyama imene kuipha popanda chilolezo ndi mlandu. Boma la dera la Skamania ku Washington linaika lamulo loletsa kupha Bigfoot mu 1969, panthawi imene anthu onyamula mfuti ankakhamukira m'nkhalango za kumeneko kukamufuna. Masiku ano ubweya wochepa wokhala ndi mizu yake, ndowe zatsopano kapena magazi otsalira pa minga ndi zokwanira kusonyeza kuti pali mtundu wosadziwika, monga tafotokozera pa funso la ubweya.

Kodi zimene ndaona ndingazitumize kuti?

Yambani ndi oyang'anira nyama zakutchire a m'dera limene mwaonalo, nyumba yosungiramo zinthu zachilengedwe kapena dipatimenti ya zamoyo ya yunivesite yapafupi. Zithunzi ndi mawu ojambulidwa mungaziike pa tsamba la pa intaneti la iNaturalist, ndipo za mbalame pa tsamba la eBird, kumene anthu odziwa amathandiza kuzindikira mtundu wake ndipo zolembedwazo zimagwiritsidwa ntchito pa kafukufuku. Tumizani chithunzi choyambirira chosadulidwa ndi chosakonzedwa, pamodzi ndi zina zimene munajambula nthawi yomweyo, ndipo lembani zimene munaona tsiku lomwelo musanakambirane ndi anzanu amene munali nawo, aliyense payekha. Ngati nyamayo ndi yosowa kapena yofunidwa ndi opha nyama mozemba, musalengeze malo enieni pagulu. iNaturalist imalola kubisa malowo kuti aoneke kwa ofufuza okha amene mwawaloleza.